Gudumu la mano la chowombera nsalu: thabwa limodzi, matabwa omata, pulayiwudi, mabowo kapena chitsulo cha njinga?

Felemu ya chowombera nsalu si imene imavuta. Kalipentala wa pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula mukamuonetsa chithunzi akhoza kukukhomerani miyendo, mitanda ndi chomenyera ulusi m'masiku ochepa. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi kanthu kakang'ono ngati mbale ya ndiwo: gudumu la mano limene limakhala kunsonga kwa mtanda. Mitanda imakhala iwiri, wakumbuyo wokulungapo ulusi wa m'litali ndi wakutsogolo wokulungapo nsalu yomwe yawombedwa kale. Uliwonse uli ndi gudumu lake, ndipo pagudumupo pamagwera kampiringidzo kamene kamalola mtanda kuzungulira mbali imodzi yokha. Mukamakunga ulusi kamalumpha dzino ndi dzino, khetye khetye. Mukasiya kamaluma, ulusi n'kukhala nganganga. Dzino likabenthuka pakati pa ntchito, ulusi wonse umakhwefuka nthawi imodzi, ndipo pansalu pamatsala mzere umene ngakhale wogula wosadziwa za kuwomba amauona.

Makolo athu a Chimang'anja analibe vuto limeneli. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza anthu a kuno akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi, koma chowombera chawo chinali chapansi, ulusi ankautambasula pabwalo n'kuukunga ndi zikhomo zokhoma m'dothi. Ife tikufuna kuwomba titakhala pampando, mamita 10 a ulusi atakulungidwa pamtanda m'kachipinda kakang'ono. Ndiye gudumu sitingalithawe.

Ineyo ndinawononga magudumu awiri ndisanamvetse kuti nkhani yagona pa njira imene mitsempha ya thabwa yadutsa, osati pa kulimba kwa mtengo. Pansipa pali njira zisanu zimene munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje angazikwanitse. Zinthu za m'mahadiweya zikukwera mwezi ndi mwezi, choncho pa ndalama ndiziyerekeza njira ina ndi inzake.

Zoyenera kuyang'ana musanadule kanthu

Choyamba ndi mitsempha ya thabwa. Taganizani nzimbe: kuing'amba m'litali ndi mano omwewa zimatheka, koma kuidula mopingasa ndi ntchito ya chikwanje. Thabwa ndi chimodzimodzi. Mukajambula gudumu pathabwa limodzi, mano amayang'ana mbali zonse pamene mitsempha ikulowera mbali imodzi. M'malo awiri oyang'anizana, mitsemphayo imadutsa patsinde pa dzino mogona, njira yomweyo imene kampiringidzo kamakankhira. Pamenepo dzino silichita kuthyoka ngati nthambi ayi, limangong'ambika n'kudumpha. Njira iliyonse tiziifunsa funso limeneli poyamba: mano a m'malo awiri aja akugwiridwa ndi chiyani?

Chachiwiri ndi katundu amene dzino limodzi limasenza. Tiyerekeze kuti muli ndi ulusi 400 ndipo uliwonse ukukoka magalamu 100. Pamodzi ndi makilogalamu 40. Ngati mtanda ndi wonenepa masentimita 8 ndipo gudumu ndi lotambalala masentimita 16, dzino limasenza theka lake, makilogalamu 20, lokhalokha, tsiku lonse ndi usiku womwe. Mukamenya ulusi wopingasa katunduyo amagwedezekanso. Gudumu likakula katundu wa padzino amachepa, n'chifukwa chake sindilimbikitsa gudumu lamatabwa lochepera masentimita 15. Owomba makalipeti a nsanza, amene amakunga ulusi molimba kwambiri, afike pa 20.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa mano. Mtanda wa masentimita 8 ukazungulira kamodzi umakoka ulusi wa masentimita 25. Gudumu la mano 12 limakoka masentimita awiri pa dzino lililonse, la mano 24 limakoka sentimita imodzi. Pa ulusi wa thonje, umene sutamuka ngati wa ubweya, masentimita awiri ndi ambiri: dzino ili ulusi wakhwefuka, dzino lotsatira wafuna kuduka. Koma mano akachuluka amachepa msinkhu n'kufooka. Pali nzeru yothandiza apa. Ikani timipiringidzo tiwiri, kena katalikirepo ndi theka la dzino, kuti kamodzi kakaluma kanzake kazikhala pakati pa msana wa dzino. Gudumu la mano 12 akuluakulu limagwira ntchito ngati la mano 24.

Chachinayi ndi nyengo ya kwathu kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i thabwa limauma mpaka kulira. Januwale akafika chinyezi chimadzaza nyumba. Thabwa limatupa ndi kufota m'mimba mwake, koma m'litali silisintha kwenikweni, ndiye gudumu lozungulira limayamba kuoneka ngati dzira. Kampiringidzo kamaluma bwino mbali ina, mbali ina n'kumangokhudza nsonga. Kuwonjezera apo pali chiswe, komanso madzi. Amene anaona madzi osefukira a 2015, ndi a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akudziwa kuti chinthu chokhala m'nyumba za ku Makhanga kapena kumunsi kwa Bangula chikhoza kugona m'matope sabata yathunthu. Gudumu lomanga ndi bawuti, lotheka kulichotsa n'kulipachika kudenga, limaposa lomata ndi guluu pamtanda.

Chachisanu ndi zida zimene muli nazo. Magetsi sapezeka paliponse, ndipo kumene alipo amathima. Njira yofuna makina okha si ya aliyense.

Pali zinthu zitatu zimene sizisintha, kaya mwasankha njira iti. Pojambula mano, kampasi ya kusukulu ndi yokwanira: mukajambula bwalo, musasinthe kukula kwa kampasiyo, iyendetseni m'mphepete ndipo igawa bwalolo pasanu ndi kamodzi, gawani pakati kukhala 12, gawaninso kukhala 24. Nkhope ya dzino imene kampiringidzo kamagunda iloze pakati penipeni pa gudumu, ndipo ndi bwino ilowe m'kati pang'ono kuti katundu akachuluka kampiringidzo kazikokeredwa m'kati m'malo molavulidwa. Ndipo bowo lapakati likhale la ngodya zinayi, nsonga ya mtanda isemedwe chimodzimodzi. Bowo lozungulira, ngakhale muthire guluu wochuluka bwanji, tsiku lina mtanda udzazungulira wokha gudumu lili chiimire.

Njira yoyamba: thabwa limodzi lolimba

*Ndalama.* Zochepa kwambiri ngati mwapeza zidutswa. Mukufuna zidutswa ziwiri zokha, chilichonse masentimita 18 mbali zonse, chochindikala masentimita awiri ndi theka. Zoterezi zimakhala pansi pa benchi ya kalipentala, kudikira kukhala nkhuni. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi ndi sowo, tchizulo ndi tupa.

*Kupezeka.* Nimu ali paliponse, m'masukulu, m'zipatala, m'mbali mwa msewu wa M1. Mtima wake wofiirira ndi wolimba ndithu, tizilombo sitiukonda, ndipo mitsempha yake ndi yopiringizana, zimene zimavutitsa popala koma zimathandiza kuti dzino lisang'ambike msanga. Mlombwa ndiye mfumu pa nkhani yosasintha ndi nyengo, ndipo malo abwino oupeza ndi zitseko, mabedi ndi mafelemu akale, amene anauma zaka makumi angapo zapitazo. Thabwa la mbawa ndi lofewerapo, limasemeka bwino, koma mano ake amaphwanyika nsonga msanga.

Ambiri amafunsa za tsanya chifukwa ndi wolemera moti amamira m'madzi ndipo chiswe chimamulambalala. Zoona. Koma kupeza thabwa la mtima wa tsanya lotambalala masentimita 18 lopanda mng'alu n'kovuta, mitengo ikuluikulu nthawi zambiri imakhala ndi mphako, ndipo sowo yamanja imabuntha musanamalize mano asanu. Kuwonjezera apo, tsanya wamkulu amene watsala ali m'malo otetezedwa ngati Lengwe ndi Mwabvi. Mu 2016 anthu oposa 30 anagwidwa ku Lengwe akudula tsanya, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Kagudumu ka chowombera nsalu si chifukwa choti mtengo wa zaka zana ugwe. Munthu akakubweretserani thabwa laliwisi la tsanya kapena mlombwa lopanda chikalata, musiyeni nalo.

*Kasamalidwe.* Pakani phula la njuchi kapena vanishi mbali zonse ziwiri mofanana, chifukwa mukapaka mbali imodzi gudumu limapindika. M'mano pakani kandulo. Oyilo wakuda wa galimoto, amene timapaka m'mapaso kuthamangitsa chiswe, asayandikire chowombera, amatsatira zala mpaka pa ulusi woyera ndipo sachoka. Kumayambiriro kwa mvula ndi kumapeto kwake zungulitsani gudumu pang'onopang'ono, muone ngati kampiringidzo kakulowa mpaka patsinde pa dzino lililonse.

*Zoopsa.* Apa ndiye pamene ndinaphunzirira. Gudumu langa loyamba ndinalidula mopingasa pachipika cha nimu, ngati mmene timadulira nkhaka, poganiza kuti ndapeza bwalo lopangidwa kale. Mu Julayi linali losalala. Pofika Okutobala linali litang'ambika kuchokera pakati mpaka kumphepete, mng'alu wolowa chala. Chidutswa chotere chimang'ambika pafupifupi nthawi zonse chikamauma. Lachiwiri ndinasema pa chitseko chakale cha mlombwa, mano 24, lokongola moti anthu ankabwera kudzaliona. Linatha miyezi inayi. Tsiku lina ndikukunga ulusi wa kalipeti ndinangomva phwa, kadzino n'kugwera pansi pa benchi, mtanda n'kubwerera m'mbuyo. Ndinapita nako kwa madala ena amene akhala akupala matabwa kuyambira ine ndisanabadwe. Anakatembenuza m'manja, n'kundionetsa pamene kang'ambikira, posalala ngati apala ndi puleni. Anati, "Mwanawe, mlombwa sunalakwe. Taona mitsempha yagona bwanji apa. Ukasemanso lina lithyokanso pomwepa, ndi tsidya linali." Ndinayang'ana tsidya linalo, ndipo panali kale kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi.

Ngati mwasankhabe njira imeneyi, mano asapitirire 16, akhale akuluakulu, ndipo thabwa likhale louma kwenikweni. Kuti mudziwe, liyezeni pasikelo sabata ndi sabata. Likasiya kupepuka ndiye kuti lauma. Fumbi la mlombwa limayabwa m'mphuno ndi pachifuwa, mangani kansalu kukamwa posema.

Njira yachiwiri: matabwa atatu opyapyala omata mopingasa

Apa mumatenga timatabwa titatu, kalikonse kochindikala mamilimita 6 mpaka 8, n'kutimata pamodzi, koma kalikonse mitsempha yake ikuloza kwina. Kachiwiri mumakatembenuza madigiri 60, kachitatu madigiri 120. Zikatero palibe dzino limene mitsempha yonse yagona molakwika. Pamene thabwa lina lafooka, awiri enawo amaligwira. Kutupanso kumachepa chifukwa amakokana okhaokha.

*Ndalama.* Matabwa ake ndi zidutswa zomwe zija, ngakhale zopyapyala zimene sizikanagwira ntchito ina. Choonjezera ndi kabotolo ka guluu woyera wa makalipentala ndi masikuluwu asanu ndi limodzi pa gudumu. Chimene chimadula ndi nthawi. Kupala timatabwa titatu pamanja mpaka tigwirane popanda mpata ndi ntchito ya mmisiri wodekha, ndipo ngati mukulipira munthu, yembekezani kulipira kuposa njira yoyamba.

*Kupezeka.* Zonse zilipo pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa boma la Nsanje. Mlombwa wakale ndi nimu zimamatika bwino, ndipo mukhoza kusakaniza, nimu pakati, mlombwa kunja. Ngati mulibe zopanira, boolani pakati, lowetsani bawuti yokhala ndi mawasha akuluakulu n'kumanga, kenako sanjikani mwala wolemera kapena panani ndi jeke ya galimoto pansi pa chinthu cholemera. Matani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Masana a kuno guluu amauma pamwamba musanamalize n'kupaka komwe, ndipo akatero sagwiranso. Siyani tsiku lathunthu musanayambe kudula mano.

*Kasamalidwe.* Monga njira yoyamba, kungoti muziyang'ananso m'mphepete ngati mzere wa guluu wayamba kutseguka. Ukatseguka pang'ono, lowetsani guluu ndi mpeni wopyapyala n'kupananso. Ubwino wina ndi woti dzino likabenthuka limabenthuka gawo limodzi mwa atatu, ndipo mumamaliza nsalu yanu bwinobwino musanakonze.

*Zoopsa.* Guluu woyera wamba amafewa akanyowa nthawi yaitali, amafewanso pang'ono akatenthedwa kwambiri. N'chifukwa chake masikuluwu aja ndi ofunika: amangeni mozungulira, masentimita awiri kuchokera patsinde pa mano, atatu kuchokera mbali ino, atatu mbali inayo, ndipo muyambe mwaboola kuti thabwa lisang'ambike. Ngati mwapeza guluu wolembedwa D3, amene amapirira chinyezi, tengani ameneyo. Choopsa china ndi kuchindikalitsa matabwa. Mukamata atatu a masentimita awiri lililonse, mphamvu yawo yotupa imaposa ya guluu ndipo amadzilekanitsa okha. Kupyapyala ndiye chinsinsi chake.

Kunena mosabisa, iyi ndi njira imene ndimaikonda. Magudumu amene ali pachowombera changa lero ndi amenewa, ndipo aona dzinja kangapo osasintha maonekedwe.

Njira yachitatu: pulayiwudi

Pulayiwudi ndi nzeru yomweyo ya kumata mopingasa, kungoti yachitikira kufakitale ndi timagawo topyapyala kwambiri. Pa nkhani ya mitsempha palibe chodandaula.

*Ndalama.* Shiti yathunthu ndi ya masentimita 244 m'litali ndi 122 m'mimba, ndipo mungatulukemo magudumu pafupifupi 100. Kugula yonse chifukwa cha magudumu awiri ndi kutaya ndalama, osawerengera kuikweza pa minibasi kutsika nayo mapiri a Chikwawa. Koma gulu la amayi limene likupanga zowombera zisanu kapena khumi likhoza kusonkherana, yotsalayo n'kupangira mipando ndi mashelefu. Kwa munthu mmodzi, zidutswa ndiye njira.

*Kupezeka.* Yambiri ya m'dziko muno imachokera ku Raiply ku Chikangawa, ina imalowa kuchokera kunja. Yopyapyala ya siling'i ndi ya zitseko imapezeka m'mahadiweya a kuno, koma ya mamilimita 18 nthawi zambiri mpaka ku Blantyre. Funsani zidutswa kwa opanga makabati a kukhitchini ndi mabokosi a masipika ku Limbe kapena ku Ndirande. Mukapeza ya mamilimita 12, matani ziwiri. Yang'anani m'mphepete n'kuwerenga magawo: ya 18 yokhala ndi magawo 7 kapena kuposa ndi yabwino, ndipo pasakhale mabowo pakati. Chenjerani ndi bulokubodi, imene pamwamba imafanana ndi pulayiwudi koma m'kati muli timitengo tondondozana. Mano ake amagwa ngati a thabwa limodzi la paini. Bodi ya utuchi wopanikiza isayerekezedwe n'komwe, imatupa ngati buledi wonyowa.

*Kasamalidwe.* M'mphepete ndi mmene imamwera madzi, ndipo gudumu la mano ndi mphepete yokhayokha. Pakani vanishi katatu m'mano monse musanalimange pamtanda. Kudonthezera supaguluu pankhope ya dzino lililonse kumaumitsa pamene kampiringidzo kamagunda. Chaka ndi chaka mvula isanayambe, bwerezani vanishi.

*Zoopsa.* Guluu wa m'kati saoneka ndi maso, ndipo wogulitsa aliyense amati yake ndi yolimba. Yesani nokha: dulani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa ola limodzi. Kakatuluka kali kamodzi, pulayiwudiyo ipirira dzinja lathu. Kakasendeka ngati anyezi, ndi ya m'nyumba zouma za kumtunda, ndipo kuno idzafufuma. Chachiwiri, ya paini ndi yofewa, nsonga za mano zimaphwanyika pang'onopang'ono pansi pa katundu wolemera. Chachitatu, chiswe chimaikonda kwambiri, chimadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Podula, yambani mwalemba mzere ndi mpeni wakuthwa kuti sowo isanyotsole gawo lapamwamba.

Njira yachinayi: gudumu la mabowo ndi chikhomo

Ili lilibe mano. Ndi bwalo losalala lokhala ndi mabowo 12 mozungulira, ndipo chikhomo chimadutsa pabowo n'kulowa mufelemu.

*Ndalama.* Yotsika kuposa zonse. Thabwa, chiboolero ndi bawuti imodzi ya mamilimita 10.

*Kupezeka.* Thabwa lililonse lolimbirapo limatheka, ngakhale malaina wouma, bola mabowo akhale masentimita awiri kapena kuposa kuchokera kumphepete.

*Kasamalidwe.* Palibe kwenikweni. Mangirirani chikhomo ndi chingwe kufelemu, apo ayi ana adzakachiseweretsa. Mabowo akayamba kukula, boolani ena pakati pa akalewo.

*Zoopsa.* Silidzigwira lokha. Kuti musunthe mtanda muyenera kuugwira ndi dzanja limodzi, linalo likuzula chikhomo ndi kufufuza bowo, ndipo ukapulumuka ulusi wonse wamasuka. Kumtanda wakumbuyo, umene mumangoumasula mwa apo ndi apo, zimenezi n'zopiririka. Kutsogolo, kumene mumakunga kambirimbiri pa tsiku, zimatopetsa. Mabowo 12 ndi otalikirananso kwa ulusi wa thonje. Boolani mabowo awiri mufelemu, lachiwiri litasemphana ndi theka la mpata, kuti mukhale ndi malo 24.

Njira yachisanu: gudumu la tcheni la njinga pa bwalo lathabwa

Si lamatabwa lokhalokha, koma kuno kumene njinga za kabaza zili mbwee sindingalisiye. Mumatenga gudumu la tcheni lakutsogolo, la pa mapedulo, n'kulimanga ndi mabawuti pa bwalo lathabwa lokhala ndi bowo la ngodya zinayi.

*Ndalama.* Lakutha limagulidwa motchipa kwa okonza njinga. Onjezani mabawuti anayi ndi kaganyu ka wowotcherera kuti akupangireni kampiringidzo kachitsulo.

*Kupezeka.* Pamsika uliwonse, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Ambiri amakhala ndi mano 44 kapena 48. Pamtanda wa masentimita 8, mano 44 amakoka mamilimita 6 okha pa dzino, zimene gudumu lamatabwa silingafikepo. Sankhani lakutha kwenikweni, limene mano ake akhota ngati mbedza, n'kulimanga moti mbedzazo zizikola kampiringidzo. Pa njinga zakale dzanja la pedulo limakhala logwirana ndi gudumu. Musalidule, likhala chogwirira pokunga.

*Kasamalidwe.* Palani dzimbiri, pakani penti, musathire gilisi. Muziona mabawuti mu Okutobala thabwa likafota, amakhwepa.

*Zoopsa.* Mano a njinga sanapangidwire kugwira mbali imodzi, ndiye kampiringidzo kosasemedwa bwino kamatha kudumpha, ndipo dzanja la pedulo lija likabwerera ndi mphamvu likhoza kukuvulazani. Chitsulocho ndi chopyapyala, chimadya kampiringidzo kamtengo m'masabata ochepa. Dzimbiri likafika pa ulusi woyera silichapika. Ndipo m'nyumba mokhala ana okwawa, mano achitsulo pamsinkhu wa nkhope yawo amafuna chotchinga.

Mawu awiri pa kampiringidzo

Pa magudumu amatabwa, kampiringidzo kakhalenso kamtengo, mitsempha yake itatsata utali wake, kochindikala mofanana ndi gudumu. Kachitsulo kamakumba mano. Ndi bwino kuti kazitha ndi kampiringidzo, kamene mungaseme kena m'mphindi 20, kusiyana ndi gudumu la masiku awiri. Kaikeni pamwamba kuti kazigwera m'mano ndi kulemera kwake, kapena kakokeni ndi mphira wa chubu cha njinga, podziwa kuti mphira kuno umauma n'kuduka chaka chisanathe.

Ndiye musankhe iti?

Ngati mukuphunzira kumene, pa chowombera chaching'ono cha masikafu ndi tinsalu ta patebulo, ndipo ndalama ndi zochepa, semani thabwa limodzi la nimu wouma kapena mlombwa wakale, mano 12 akuluakulu ndi timipiringidzo tiwiri kutsogolo, gudumu la mabowo kumbuyo. Katundu wake ndi wopepuka, likutumikirani.

Ngati kuwomba ndi kumene kukudyetsani, tsiku ndi tsiku, ndipo muli ndi kalipentala wodziwa kupala, matani matabwa atatu. Masentimita 16 mpaka 18, mano 24, guluu ndi masikuluwu.

Ngati ndinu gulu, kaya la kumpingo kaya la banki m'khonde, ndipo mukupanga zowombera zambiri nthawi imodzi, gulani pulayiwudi ya mamilimita 18 mutaiyesa mumphika, dulani onse potsata chitsanzo chimodzi kuti gudumu la chowombera ichi lizikwana pa chinzake, ndipo musungeko anayi apadera pamalo ouma, kutali ndi khoma.

Ngati mumawomba makalipeti a nsanza kapena china chilichonse chofuna kukunga mwamphamvu, thabwa limodzi ndi pulayiwudi ya paini zisiyeni. Pangani la matabwa omata la masentimita 20 ndi mano 16, kapena pitani ku chitsulo cha njinga. Chitsulocho chimayeneranso amene amawomba ulusi wopyapyala wa thonje, wofuna kukunga pang'onopang'ono, bola chikhale chopentedwa ndi chotchingidwa.

Ngati nyumba yanu ili kumene madzi amafika, ku East Bank, m'mbali mwa Ruo kapena kufupi ndi dambo la Ndindi, pulayiwudi ikhale yomaliza pa mndandanda wanu. Thabwa limodzi la mlombwa kapena gudumu la mabowo likanyowa mumalitsuka, n'kuliumitsa pamthunzi pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri limabwerera pantchito. Lililonse limene mwasankha, limangeni pamtanda ndi bawuti yodutsa mopingasa, ndipo sipanala yake izikhala pamsomali pafupi ndi chowombera, kuti wailesi ikalengeza za madzi muchotse magudumu onse awiri n'kuwaika m'thumba limodzi ndi ulusi.